Pepa Mwanangu, Lero Kulibe Ndiwo

Panali munthu wina, mlimi wa kudimba, amene ankakhala pafupi ndi msewu waukulu ku Ntcheu. Mkazi wake anamwalira n'kumusiyira mwana mmodzi wamkazi, dzina lake Ndaziona. Pakhomo ponsepo panali anthu awiri, mphasa imodzi ndi mbale ziwiri.

Dimba lake linali losiririka. Munali mpiru, repu, bonongwe ndi tomato, ndipo m'mbali munali mapapaya ndi magwafa. Zokongola zonse ankakagulitsa kumsewu kwa anthu a m'magalimoto. Zotsala, zofota ndi dzuwa, ndi zimene ankabwera nazo kunyumba. Akaphika, ankaika mbale pamphasa n'kunena mwamanyazi kuti, "Pepa mwanangu, lero kulibe ndiwo." Koma tsiku lopeza usipa kapena kanyama, ankalowa pakhomo akuimba likhweru.

Mwana ndi mwana, koma maso ali nawo. Ndaziona anaphunzira kuti masamba ndi chinthu chopepesa. Anayamba kukankha mbale. Kenako nthawi ya chakudya ikakwana ankazemba, n'kukaima pamakomo a anthu ena pamene pamveka fungo la mafuta. Bambo uja ankadya yekha, mbale ya mwana ataivundikira pambali pake mpaka chakudya kuzizira. Kudya wekha n'kowawa, abale anga, makamaka ukamamva mwana wako akuseka pakhomo pa eni.

Patapita miyezi mwana anaonda. Milomo inang'ambika m'mbali, chimfine sichinkamuchoka. Kuchipatala anauza bamboyo kuti mwanayu azidya masamba ndi zipatso. Bamboyo anabwerera ali wera. Chimene chikanachiritsa mwana wake n'chimene ankagulitsa tsiku ndi tsiku kwa anthu odutsa. Anayesa kunyengerera, anayesa kukalipa. Mwana ankangotseka pakamwa, misozi ili mbwembwembwe. Bamboyo anachita mantha kuti tsiku lina adzatsala ndi mbale imodzi.

Atasowa mtengo wogwira, anapatsa mwanayo kabedi kakekake m'dimba muja, kuti mwina angakonde chimene wafesa yekha. Ndaziona anafesa mpiru, namathirira ndi kachitini m'mawa uliwonse. Mpiru unakula. Tsiku lina anathyola, anasinja mtedza, natendera monga ankaonera kwa malemu mayi ake. Anagwada, naika mbale pamaso pa bambo ake, maso ali pansi.

"Pepani bambo, lero kulibe ndiwo."

Bamboyo anayang'ana mwana wake. Mawuwo anali ake, ngakhale kaweramidweko kanali kake. Anazindikira kuti matenda a mwanayo sanachokere kutali.

Anasamba m'manja. Anadya osafulumira, mpaka anapukuta mbale ndi chala.

"Mpiru umenewu ndi wa ndani?"

"Wanga, bambo."

"Nanga ukupepesa chiyani? Mayi ako akanakhala moyo, bwenzi tikulimbirana mbale imeneyi. Onjeza, mwanangu."

Kenako anapita padengu limene anali atamangira kale ulendo wa kumsewu. Anamasula, nasankha papaya lalikulu kuposa onse, nalidula pakati.

"Ili silipita kumsewu," anatero.

Ndaziona anali ataimirira kale kuti azipita kwa eni monga mwa masiku onse. Anayang'ana papaya lija, anayang'ana bambo ake akunyambita zala. Anakhala pansi pamphasa, navundukula mbale yake.

Inu makolo amene mwakhala pano, mumadandaula kuti ana a masiku ano amakana masamba, amangofuna zokazinga za m'mapepala. Anawaphunzitsa ndani? Mwana amayamba wayang'ana nkhope yanu asanalawe. Mukaika bonongwe pamphasa mukupepesa, musadabwe akamakankha mbale. Lero lomwe lino idyani masamba pamaso pake mukusangalala, ndipo chipatso chokongola kwambiri chikhale chake. Anthu a m'magalimoto aja ali ndi kwawo. Wanu ndi amene wakhala pamphasayo.