Pasiwedi ya Mayi Mvuu

Padangokhala, ana inu, chaka china cha chilala choopsa. Mitsinje inaphwa, kunangotsala dziwe limodzi, ndipo nyama zinasankha Mayi Mvuu kuti aziliyang'anira. Wofuna kumwa ankatumiza imelo, Mayi Mvuu n'kumuikira nthawi pa kalendala ya m'foni, kuti zilombo zolusa zisamakumane ndi nyama zofatsa.

Koma mauthenga anachuluka. Foni kulira m'mawa, foni kulira masana. Zala za Mayi Mvuu n'zonenepa; akati adine chilembo chimodzi, zinkadinika zingapo. Anatopa.

Ng'ona anayandikira mwaulemu. "Amayi, mukuvutikiranji ife ana anu tilipo? Ndipatseni pasiwedi ya imelo yanu, ndizikuyankhirani pa foni yangayi. Inu muzingopuma."

"Ndiye muziona zonse, a Ng'ona?"

"Maso anga ndi a ntchito basi, Amayi."

Mayi Mvuu anamunong'oneza pasiwediyo, n'kumira m'madzi ozizira.

Tsiku lomwelo Ng'ona analembera Gwape: "Bwera wekha masana, kumabango kuja. Ndine Mayi Mvuu." Gwape anapita. Sanabwerere.

Kutacha, Mayi Mvuu anayasamula. "Kuli chiyani lero, a Ng'ona?"

"Kuli zii, Amayi. Gonani."

Ng'ona analembera Nguluwe. Nguluwe anapita, sanabwerere. Analembera mwana wa Mbawala. Nayenso anapita, sanabwerere.

Nkhwazi anaziona ali m'mwamba, natumiza imelo: "Amayi, kumabango kuli magazi!" Ng'ona anawerenga, n'kufufuta. Mbawala analemba akulira: "Amayi, mwana wanga munamuitana uja ali kuti?" Ng'ona anawerenga, n'kufufuta.

"Kuli chiyani lero, a Ng'ona?"

"Kuli zii, Amayi. Gonani."

Nyama zitatopa ndi maliro, zinakadandaula kwa Njovu, ndipo Njovu analemba kuti Mayi Mvuu akayankhe mlandu kuphiri. Ng'ona anayankha yekha kuti, "Ndibwera," n'kuika pa kalendala.

"Lero kuli nkhani yabwino, Amayi," anatero. "A Njovu akufuna kukuthokozani pamaso pa onse."

Mayi Mvuu anasekerera, n'kuyang'ana kamwana kake kamene kankasewera m'madzi. "Nanga mwana wangayu?"

"Dzuwali lingamuwaule. Msiyeni, ndimuona ine."

Atafika kuphiri, sanapeze ng'oma kapena nthungululu. Nyama zinangomuyang'ana, maso ali psuu. Mbawala anaimirira n'kumuonetsa foni.

"Werengani. Mwana wanga munapita naye kuti?"

"Sindinalembe ine!"

Mkazi wa Nguluwe anaonetsa yake. Amake Gwape anaonetsa yawo.

"Sindinalembe ine! Amandilembera ndi a Ng'ona!"

Njovu anafunsa pang'onopang'ono. "Dzina lili m'munsimu ndi la yani, Mayi?"

"Ndi langa."

"Anapatsa Ng'ona pasiwedi ndani?"

"Ndine."

"Munayang'anapo ngakhale kamodzi zimene amalemba?"

Mayi Mvuu anazolika. Kenaka Nkhwazi anafunsa, "Nanga mwana wanu mwamusiyira yani?"

Mayi Mvuu anadzidzimuka, liwiro la kudziwe, fumbi koboo! Anaitana, anaitana, koma kunali duu. Pakati pa mabango pankayandama kakhutu kakang'ono. Ng'ona anali atamira pozama, mimba ili tiii.

Anatenga foni kuti achenjeze nyama zonse. Foni inakana. Anayesanso, inakana. Ng'ona anali atasintha pasiwedi.

Ali chikhalire m'matope akulira, anamva mapazi. Anali Insa, akutsika yekha m'njira ya kumabango.

"Amayi, mwandiitana, ndabwera."

"Bwerera! Thawa! Si ine!"

Insa anathawa. Koma Mayi Mvuu sakanatha kuimirira panjira zonse za kudziwe, ndipo amene sanamve za mlandu uja ankabwerabe, chifukwa dzina lake linali kuwaitanabe.

Nthano yanga yafika pamenepo, ana inu. Ukabwereketsa dzina lako uziona kumene likupita, chifukwa likapha, wapha ndiwe.