Madzi Amene Nangondo Anakana

Panali mayi wina, dzina lake Nangondo, amene anagwidwa ukapolo pamodzi ndi mlongo wake Chimtali. M'chombo chowaolotsa nyanja yamchere, akapolo ankanong'onezana kuti azungu amadya anthu, ndipo amayamba awamwetsa mankhwala kuti afe osavuta. Atafika padoko anawatsekera m'khola ngati mbuzi. Apo n'kuti Chimtali atatheratu ndi matenda am'mimba, milomo itauma gwa.

M'kholamo munalowa wansembe wachizungu atasenza mtsuko wa madzi. Eni akapolo ankaima patali atatseka mphuno, koma iye ankagwada pa aliyense, kutsuka zilonda ndi kumwetsa odwala. Munthuyu anali atalumbira kwa Mulungu wake kuti tsiku lofika chombo, dontho silidzadutsa pakhosi pake mpaka kapolo womaliza atamwa.

Atafika pa Chimtali anapereka chikho. Nangondo anadikira. Kwawo, wopatsa mlendo chakumwa amayamba walawa yekha, kuonetsa kuti mulibe chiphe. Wansembe sanalawe. Nangondo anakankhira chikhocho kukamwa kwa mzunguyo, koma iye anapukusa mutu akumwetulira, n'kuloza wodwalayo.

"Mwaona, achimwene? Mwini madzi akuwakana," anatero Nangondo, natseka pakamwa pa mlongo wake ndi dzanja.

Wansembe anachonderera m'chilankhulo chake, mawu ambirimbiri okoma amene panalibe wowamva. Anapita kukamwetsa ena amene ludzu linawagonjetsa, ndipo Nangondo ankawayang'ana ngati akufa kale. Wansembe anabwerera kwa Chimtali, nakanidwanso. Dzuwa litapendeka, mayiyo atamukankhiranso chikho, m'pamene wansembe anatulukira chimene mayiyo ankafuna. Anaphwanya lumbiro lake, namwa m'chikho chomwe chija chodutsa pamilomo ya zilonda.

Nangondo anachotsa dzanja. Anadzutsa mutu wa Chimtali, nathira madzi pang'onopang'ono. Madziwo anangoyenderera m'masaya n'kugwera pansi. Chimtali anali atatsirizika kale.

Awiriwo anagwada, maliro ali pakati, aliyense akulira m'chilankhulo chake.

Inu amene mumasenza mitsuko kupita kwa ovutika, imvani. Wansembe uja anali woyera mtima, madzi akenso anali abwino, ndipo ine amandimvetsa chisoni chimodzimodzi ndi Nangondo. Koma munthu wopwetekedwa ndi anthu ofanana nanu sadziwa za malumbiro anu. Amangoyang'ana pakhosi panu. Musachedwe kumwa.