Mgwala wa a Chatsika

Kalekale kunali a Chatsika, okumba zitsime. Munthu ameneyo, abale, madzi ankawamva ngati fungo la nyama yootcha! Koma atakalamba mutu unayamba kudontha. Ana awo omwe ankawafunsa kuti, “Kodi alendo, kwanu nkuti?”

Ndiye kunagwa chilala. Zitsime zonse gwa! Akazi awo, mayi Nagama, anamwa madzi a pachithaphwi nkudwala m'mimba, atsala madzi amodzi. Popanda madzi abwino, maliro.

Mwana woyamba, Lekeleni, mawu a bambo ake anawasunga onse. Anati, “Ankati mkuyu ukakhala wobiriwira m'chilimwe, chulu chili chakumadzulo kwake, madzi ali pafupi.” Anatsogolera abale ake awiri ndi bambo awowo mpaka kudambo la Kanyimbi. Mkuyu uwo, chulu icho. Koma dambolo kukula kwake! Ukumba pati?

Mlongo wake, Msatero, anaseka. “Achimwene, mawu anu atopera panjira.” Anawavula bambo nsapato, nkuwagwiritsa mgwala, chitsulo chawo chokumbira chija. Osawafunsa kanthu. Mapazi aja anayamba okha, kupondaponda, kubwerera, kenako nji! Mgwala pansi. Mwiniwake akungoimba nyimbo yaubusa.

Anakumba masiku awiri nkupeza thanthwe. Lekeleni anati tasochera. Msatero anayang'ana bambo ake, koma iwo ali mtulo pamthunzi.

Wotsiriza, Zakeyu, anatulutsa chingwe chakale cha bambo chimene anachitenga kukhoma kunyumba, chodzaza mfundo. Kale anawafunsapo za mfundozo, iwo nkuyankha kuti, “Mutu ndi dengu lobooka, mwanawe. Chingwechi chimandikumbukirira. Mfundo yaikulu ndi thanthwe, yofiira ndi madzi.” Anachitsitsa m'dzenje. Yaikulu inagunda pathanthwe ndendende, yofiira ili mkono umodzi kuseri kwake.

Zakeyu anakuwa, “Swani, achimwene!”

Anaswa. Madzi fwaa! Mayi Nagama anamwa, mpaka anadzuka nkuyamba kukalipira nkhuku.

Nawonso a Chatsika atamwa, m'maso munayera kanthawi. Anati, “Mgwalawu atenge amene wapeza kumene nzeru zanga zimakhala.” Atatero anafunsanso alendo kwawo.

Mgwala ndi umodzi, suduka patatu. Wina anazipeza m'mawu, wina m'mapazi, wina pachingwe chopachika kukhoma. Tsono inu mwakhala apa, mitu ikuluikuluyi: nzeru za a Chatsika zinkagona kuti, ndipo mgwala tipatse yani?