Mwana wa Edesi Apite kwa Yani?

Kalekale, osati kale la makolo koma lija esiteti ya thonje itangofika kuchigwa, kudali mayi wina dzina lake Edesi. Amuna a m'mudzi mwawo ankagwira ntchito yopopera mankhwala m'thonje. Nanga zovala zopoperera ankachapa ndani? Akazi, mwachidziwikire. Ankazifikisa ndi manja kumtsinje mpaka madzi kuyera ngati mkaka, kenako nkutunga akumwa chakumtunda pang'ono, m'zigubu zomwe zidabwera ndi mankhwala omwewo. Zigubuzo bwana wa esiteti ankagawa ngati mphatso, amayi nkumathokoza atagwada.

Edesi atabereka mwana wamkazi, Ndaziona, adamva kanthu kolimba m'bere lakumanzere. Iye ankati ndi mkaka wagwirana. Kuchipatala chachikulu adati ndi khansa, ndipo berelo adalidula, koma nthenda idali italowerera kale m'thupi. Atafunsa ngati gwero lake lidali madzi aja, dokotala adati, "Mayi, mwina ndi amenewo, mwina ayi. Sitingathe kuloza chala." Yankho limenelo limandipsetsa mtima mpaka lero, chikhalirecho munthuyo sankanama.

Pa matenda akewo, anthu atatu adamugwira mkono.

Woyamba adali mwamuna wake, Layitoni. Ndiye ankamukweza pa njinga kupita naye kuchipatala, ndiye ankatsuka bala limene ngakhale achibale ankaliyang'ana cham'mbali. Ankasinja, ankatunga madzi, amuna anzake akumuseka kuti adadyetsedwa. Koma zovala zimene Edesi ankachapa zaka zonsezo zidali zake, ndipo ntchito yopopera sadaisiye. Anthu akamunena ankangoti, "Ndikasiya, mwanayu adya chiyani?"

Wachiwiri adali Filesi, mng'ono wake wa Edesi. Adokotala ataletsa Edesi kuyamwitsa, Ndaziona adakana phala, nayamba kufota maso akuona. Filesi, amene naye adali ndi khanda, adangomunyamula nkumuika ku bere lake osafunsa munthu. Mwana adatsitsimuka. Komatu Filesi ankakhala pa mtsinje womwewo, kumwa m'zigubu zomwezo, ndipo nayenso adakwatiwa ndi wopopera.

Wachitatu adali a Nasiwelo, mayi wamasiye wa pakamwa posasunga mawu, wopanda ubale uliwonse ndi Edesi. Iwowa ndiwo adamukakamiza kupita kuchipatala pamene ena ankati adikire mkaka usungunuke. Popanda iwo sakadaona mwana wake akukwawa. Ndiwonso adayamba kufunsa poyera chifukwa chake maliro a mabere ankachuluka kumunsi kwa mtsinje, kumapiri ayi. Tsiku lina adasonkhanitsa amayi, nasenza zovala zosachapa zija nkukazikhuthula pa geti la esiteti. "Achape eni mankhwala," adatero. Chidatsatira nchiyani? Amayi ena adamenyedwa ndi amuna awo, m'mawa mwake adakatola zovalazo nkubwerera nazo kumtsinje, ndipo a Nasiwelo adathamangitsidwa pa malo a esiteti. Adakakhala kumapiri, kumene kasupe ndi woyera koma nthaka ndi miyala yokhayokha, ndipo njala imafika chimanga chisanamasule.

Edesi ataona kuti mphamvu zatha, adaitana atatuwo masana ena, iwo nkumugoneka pamphasa pakhonde. Adati, "Ine ulendo wayandikira. Mwanayu ndi wamkazi, tsiku lina adzamera mabere. Ndimusiye m'manja mwa yani?"

Layitoni adati, "Make Ndaziona, mwanayu ndi magazi anga. Kwa ine sadzagona ndi njala."

"Nanga akadzasinkhuka, zovala zanu adzachapa ndani?" adafunsa Edesi.

Filesi adati, "Achemwali, mwana ndi wa kuchikazi, ndipo bere langa walizolowera. Mukamuchotsa lero, mwamupha."

Edesi adamuyang'anitsitsa. "Filesi, ndakhala ndikukuona. Bwanji masiku ano ukuyamwitsa mbali imodzi yokha?" Filesi adakokera nsalu pachifuwa, misozi ili chuchuchu. Nayenso adali atamva kanthu kolimba, koma sadauze munthu.

A Nasiwelo adati, "Mwana wanga, ine sindikunamiza. Mkaka ndilibe, nkhokwe ndilibe, ndipo msinkhu wanga ukuuona wekha. Chimene ndili nacho ndi madzi oti munthu nkumwa osaopa. Akapulumuka njala ya chaka chino, adzakula."

"Akapulumuka," Edesi adabwereza motsitsa.

Chakumunda kunkamveka mipope ikupopera, ndipo mphepo inkabweretsa fungo la mankhwala pakhonde pomwepo. Kenako Edesi adadzutsa dzanja kuti aloze, atatu onse nkusendera pafupi. Dzanjalo lidagwera pamphasa lisanaloze aliyense.

Maliro asanalengezedwe nkomwe, Ndaziona adadzuka nkuyamba kulira njala. Ine pamenepa nzeru zimandithera, ndipo ndimamva chisoni, chifukwa aliyense mwa atatuwo ankamukonda mwanayo moona, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene adapanga mankhwala aja.

Tsono inu mwamva nkhaniyi, mwana akulira ndipo sangadikire. Apite kwa bambo ake, kumene kuli chakudya ndi zovala zomuyembekeza kuti adzachape? Kwa Filesi, kumene kuli bere lero koma mawa sitidziwa? Kapena kwa a Nasiwelo, kumene kuli madzi oyera ndi nkhokwe yopanda kanthu? Mukadakhala inu, dzanja la Edesi mukadalilozetsa kwa yani?