Mtengo wa Mango Umene Ndinausenda Khungwa

Kalekale, ndisanamere imvi izi, ndinasenda khungwa la mtengo wa mlamu wanga. Ndinachita dala, masana, anthu ali kumunda.

Mlamuyo, a Zakeyu, anali mkamwini pakhomo pa mlongo wanga Esinati. Kwathu timati mkamwini akadzala mtengo ndiye kuti akufuna malo. Iwo anadzala mango a boloma pamene anakwirira mchombo wa mwana wawo, Tamanda. Ine mwinimbumba zinandiwawa. Mtengo utayamba maluwa, ndinauzunguliza ndi mpeni. Panangotsala kakhungwa kochepa ngati chala, chifukwa ndinamva mapazi ndipo ndinathawa.

A Zakeyu ataona bala sanafunse munthu. Anamata ndowe ndi dothi la pachulu, n'kukulunga chiguduli, n'kudulako nthambi kuti mtengo upepukidwe.

Dolika, mlongo wanga wamng'ono, anautungira madzi chilimwe chonse, zidebe ziwiri patsiku kuchokera kudambo, n'kuutchinga ndi minga kuopa mbuzi. Mtengo unachira.

Ine manyazi ndinalibe. Patapita zaka tinkaotcha njerwa, ndipo ndinauza anyamata kuti nkhuni ndi mango aja. Tamanda, ali namwali, anakumbatira thunthu. "Malume, muyambe kudula ine. Mchombo wanga uli pansipa!" Nkhwangwa zinabwerera.

Chaka chino Esinati watisiya. Mwambo ukuti mkamwini timusudzule, abwerere kwawo. Tinakhala pansi pa mtengo womwewo, tonse tikudziwa kuti wotenga mtengo watenga khomo.

"Kwathu kulibenso wondidziwa," anatero a Zakeyu. "Ndakalambira pamthunzi uno."

"Achimwene," anatero Dolika, "khosi langali linapindika ndi madzi a mtengo umenewu. Mwana wanga amange pati?"

Tamanda, amene anatengedwa ndi mwamuna wake kutali, anati, "Ndi pa amayi anga pano. Banja likandivuta ndidzafikira kuti?"

Onse anayang'ana ine kuti ndigamule. Maso anga anali pachipsera chija.

"Alamu," ndinatero, "amene anasenda mtengowu ndine. Ndinakulakwirani. Ndikhululukireni."

"Ndinkadziwa," anayankha. "Mpeni wanu munausiya patsinde. Ndi umene ndimasendera mbatata mpaka lero. Gamulani, alamu."

Ine ndalephera. Ndiuzeni inu: mtengowu ndi wa yani, woudzala n'kuumanga bala, wouthirira, kapena wouteteza ku nkhwangwa?