Minga ya Ndaziona

Kwawo kwa Ndaziona lamulo linali lodziwika kwa mwana aliyense: ukamva dzina lako likuitanidwa kuthengo, osavomera. Koma mlongo wake wamng'ono, Zondiwe, anavomera. Mungamudzudzule? Pakhomo panalibe womuitana. Mayi ankangokhalira kusoka fodya m'chigafa, bambo ankaswera pa bawo. Mwana anasowa Lolemba, makolo anazindikira Lachitatu.

"Ali kwa azakhali ake ameneyo," anatero bambo, maso ali pa bawo.

Ndaziona sanakhulupirire. Kuseri kwa nkhokwe anali ataona mapazi aakulu ngati lichero. Anatenga chikwakwa n'kuwalondola.

Panjira anapeza bilimankhwe atakodwa pa ulimbo, ndipo anamumasula.

"Ukulondola chimphona cha mitu itatu," anatero bilimankhwe. "Chimatola ana amene akalira palibe wowatonthoza. Mitu iwiri ukaidula imaphukanso. Moyo wake uli m'mutu umene udzafune kuukumbatira."

Ndaziona anamuyang'ana cham'mbali. Ndani angakumbatire chilombo? Komanso wosinthasintha khungu n'ngomukhulupirira?

Anayenda masiku awiri, minga ikumulasa. Atafika paphanga anamva Zondiwe akusisima mkati, ndipo chimphona chinatuluka. Mutu woyamba unabangula, anaudula, unaphukanso. Wachiwiri unalavula moto, anaudula, unaphukanso. Wachitatu unangomwetulira, n'kusanduka nkhope ya mayi ake a Ndaziona, ndi duku lomwe, ndi fungo la fodya lomwe.

"Mwana wanga, taona mapazi akowa! Khala pansi ndikuzule minga. Koma wadya?"

Ndaziona anaima. Mawu amenewa anawalakalaka kuyambira ali wamng'ono. Chikwakwa chinayamba kutsika. Kenako anadzifunsa: amayi anayamba liti kufunsa zotere? Misozi ili chuchuchu, anatema pakhosi. Chimphona chinagwa kuti khuu, n'kusanduka chulu.

Anafika kumudzi atabereka Zondiwe kumsana. Nthungululu zinalira, anthu anamunyamula m'mwamba, bambo mpaka anasiya bawo. Ndaziona atafotokoza zonse, mayi anafunsa akuseka:

"Nanga unadziwa bwanji kuti sindine?"

"Chinandifunsa ngati ndadya, amayi."

Nthungululu zinazima. Mayi anayang'ana mapazi a mwana wawo, otupa, odzaza minga. Anagwada n'kuika phazi limodzi pamiyendo pawo. Ndaziona analibweza msanga, n'kuwayang'anitsitsa pakhosi.