Nsengwa Yomwe Inagona Kudenga

Kalekale... muli tonse kodi, kapena ena mwayamba kusinza? Chabwino.

Kalekale kunali amayi awiri, Nachanza ndi Nangondo. Sanali pachibale ayi, koma anapalana chinjira, ubwenzi uja wa amayi wothandizana pamtondo, pamatenda ndi pamaliro. Nachanza amakhala tsidya lino la dambo, Nangondo tsidya linalo. Pakati pawo panali kanjira kamodzi ndi nsengwa imodzi.

Nsengwayo inali ndi lamulo lake: osabwerera yopanda kanthu. Ikapita ndi nsinjiro, imabwera ndi mfutso. Ikapita ndi chinangwa, imabwera ndi bowa. Ikapita ndi kamchere, imabwera ndi masuku. Woinyamulayo amakhala pansi, n'kucheza mpaka miyendo kuchita dzanzi.

Tsiku lina Nangondo anabweretsa nkhuku yootcha, yonona, mafuta chuchuchu. Nachanza anadya, ananyambita zala, kenako mtima unayamba kumuvuta.

"Mnzanga wandipatsa nkhuku, ine ndibweze nkhwani? Anthu andiseka!"

Basi anaipachika nsengwa kudenga, akuti mpaka apeze chachikulu.

Panali mayi wina wogulitsa miphika amene amayenda midzi yonse iwiri. Anaima pakhomo pa Nachanza.

"Odi! Anjira anu akuti mwasowa."

"Kawauzeni anapiye akule kaye."

Anapiye anakula. Wamiphika anadutsanso.

"Anjira anu akutsokomola, kumunda sakupitanso."

"Kawauzeni mpunga uche kaye. Nkhuku yopanda mpunga ndi mphatso imeneyo?"

Mpunga unacha. Wamiphika anabwera kachitatu, ulendo uno osatula n'komwe mtolo wake.

"Anjira anu sakudzukanso pamphasa."

"Ndamva, ndamva! Watsala uchi wokha. Abambo akunyumba akafula posachedwa."

"Mayi inu," anatero wamiphika, "ndani wakuuzani kuti akudwala njala ya uchi?"

Uchi unapezeka patapita masabata atatu. Nachanza anatsitsa nsengwa ija. Kuti aikemo mpunga, wonse waa pansi! Chiswe chinali chitadya kunsi konse. Anabwereka dengu kwa aneba, naikamo mpunga, nkhuku ndi chikho cha uchi, nanyamuka. Kanjira kaja sanakapezenso. Tsekera, minga, chitedze. Anafika miyendo ili zikandezikande.

Pamene panali nyumba ya Nangondo anapeza mulu wa dothi. Pambali panakhala mwana wake wamkazi, Enelesi, mutu uli mpala.

"Enelesi, amako ali kuti?"

"Tinawaika, mayi. Kumeta tameta dzana, nyumba n'kugwetsa monga mwa mwambo."

Dengu linagwa. Nkhuku inathawira kuthengo.

"Bwanji simunanditumizire uthenga? Ine ndine anjira awo! Woyenera kuwasambitsa ndinali ine!"

"Anatiletsa okha. Anati amene walephera kubwera ndikupuma, musamuvutitse ndikatsikira kuli chete. Anawasambitsa ndi amiphika aja."

Enelesi analowa m'khitchini, natuluka ndi zikwatu zitatu za mfutso, masamba ake atada ndi utsi.

"Izi ndi zanu. Amakusungirani, kudikira nsengwa. Tsiku lililonse amatiuza tiwakhazike pakhonde, nkhope kuloza kudambo. Amati ngakhale Nachanza abwere ndi tsabola mmodzi, bola ndimve odi wake."

Nachanza anatola chikho cha uchi.

"Landira, mwanangu."

"Kaperekeni kumanda, mayi. Ife uchi sitinaufunepo."

Nachanza anabwerera ndi zikwatu zake zitatu. Kuphika analephera, kutaya analephera. Anazipachika kudenga, pamsomali womwe uja panagona nsengwa.

Tsono ndikufunseni, inu odziwa zilape: chinadya nsengwa ija n'chiyani? Chiswe? Mwalasa pambali, ndipatseni mudzi! Chiswe chinangopeza zogona kale. Chinaidya ndi "kaye" wa Nachanza. Mnzako safuna nkhuku yako, amafuna mapazi ako pabwalo pake akadali ndi maso okuona. Muli ndi tsabola mmodzi? Nyamukani lero.

Yathera pompa nthano yanga. Kayang'aneni mbatata ija paphulusa, ingasanduke khala.